A Chulu ndi Mulu Wawo wa Dothi

Pa mgodi wa malasha pali ntchito zambiri zimene munthu angathe kuzitchula pamaso pa abale ake mosachita manyazi. Pali oyendetsa matipa, pali ophulitsa miyala, pali okonza makina, ngakhale mlonda wa pageti ali ndi yunifomu ndi ndodo yake. Koma padalinso ntchito ina imene mwini wake akaitchula, anthu ankayamba aseka, kenaka n'kumupempha kuti anenenso bwino. Bambo amene tikufuna kulongosola za moyo wawo pano ankalondera dothi. Anzawo a pantchito adawapatsa dzina lakuti a Chulu, ndipo dzinalo lidawakanirira kotero kuti ngakhale ku ofesi, pofuna kuwaitana, ankatchula lomwelo.

Owerenga atikhululukire ngati tichedwa pang'ono pofotokoza za dothilo, pakuti popanda kutero nkhaniyi singamveke. Malasha a pamalo amenewo sadali akuya kwambiri, choncho eni mgodi sadaboole mapanga ayi, adangosenda nthaka kuchokera pamwamba mpaka kuwapeza. Lamulo limene adapatsidwa pamodzi ndi chilolezo lidati dothi lapamwamba, lakuda lija limene limabereka mbewu, alichotse palokha, aliunjike pambali, ndipo malasha akadzatha adzalibwezere pamene adalitenga kuti anthu adzalimenso. Zapansi pake zonse zinkapita ku dzala la miyala, kumene chinthu chikatayidwa sichitoledwanso.

Dothi lakudalo lidachokera m'minda ya mabanja angapo amene adasamutsidwa, ndipo umodzi mwa mindayo udali wa a Chulu ndi akazi awo. Tsiku limene zikatapila zidafika, eni minda ambiri adakana kuonerera. A Chulu adaima pamalire kuyambira m'mawa, chipewa chili m'manja, akutsatira ndi maso tipa iliyonse kuti aone kumene munda wawo ukupita. Dzuwa litapendeka, kapitawo wina adatopa nako kuwaona, nawafunsa chimene ankafuna. Iwo adafunsa mwaulemu ngati pali munthu amene adzayang'anire muluwo. Padalibe. Umo ndi mmene adalembedwera ntchito.

Akazi awo sadakondwe nazo. Malo atsopano amene mabanjawo adapatsidwa adali a mchenga, ndipo awiriwa adagwirizana kuti mayi ayambe akakhala kwa mwana wawo wamkazi, amene adakwatiwa m'tauni.

"Amayi, munda sunatayike," adatero a Chulu powathandiza kumanga katundu. "Angouika pambali. Ine ndikhala pompano kuuyang'anira, ndipo tsiku lobwezera ndidzabwera kudzakutengani."

"Bambo, munauona kuti munda wokwera tipa?" adayankha mayiwo, osatukula nkhope. "Chabwino. Muziuthirira. Ukadzatsika mudzandiuze."

A Chulu adawatenga mawu amenewo ngati pangano, ndipo adawasunga mmenemo.

Adapatsidwa chipinda kumapeto kwa mdadada wa nyumba za antchito, chimene ena adachikana chifukwa chidali kutali ndi mpopi. M'katimo mudali bedi lachitsulo, mpando umodzi, mbaula ya magetsi yophikirapo poto mmodzi, ndi msomali kuseri kwa chitseko wopachikapo chisoti. Makapu adali awiri, koma ina idasanduka yosungiramo njere za udzu. Zenera lidayang'ana kumulu, ndipo ichi ndicho chidawachititsa kuti asadandaule za mpopi.

Ku ofesi adawapatsa kabuku ka masamba ochepa kofotokoza kasungidwe ka dothi. Adakawerenga mpaka chikuto chidathothoka. Kabukuko kadati dothi ndi chinthu chamoyo. Muli nyongolotsi, muli timizu, muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo zonsezi zimafuna mpweya monga munthu. Mulu ukakwera kwambiri, zam'kati zimabanika. Galimoto ikapondapo, dothi limalimba ngati njerwa. Ukakhala wosafunda, mvula imaukokolola ndipo dzuwa limauwotcha. Zambiri mwa izi a Chulu ankazidziwa kale ndi manja awo, koma kuziona zitasindikizidwa kudawalimbitsa mtima kuti ntchito yawo si yamasewera.

Muluwo udali wotalika ngati mabwalo angapo a mpira olumikizana, koma wosakwera kwambiri, kotero kuti munthu ankafika pamwamba asanayambe wefuwefu. Chaka choyamba a Chulu adafesa udzu paliponse. Mvula ikang'amba kangalande, ankakatseka ndi nthambi tsiku lomwelo. M'chilimwe ankapempha woyendetsa thanki ya madzi, imene inkathirira msewu kuti fumbi lichepe, kuti awasiyireko otsala, ndipo woyendetsayo akakhala kuti wadzuka bwino ankawadzazira mgolo. Kabuku kadangonena za udzu. Koma mbalame zidabweretsa njere zawo, mphepo idabweretsa zake, ndipo timitengo ta mthethe titamera, a Chulu adalephera kutizula. Adatisiya. Pambuyo pake adayamba kuyenda ndi njere za mitengo m'thumba la ovololo. Cha kum'mawa kwa muluwo kudali malo amene ankakhulupirira kuti ndi pamene matipa a m'munda mwawo adakhuthulira. Akafika pamenepo ankalowetsa dzanja m'dothi, kulitapa, kulinunkhiza, n'kulibwezera bwinobwino.

Masana ankatsikira ku kantini, kumene madalaivala ankawadikira ndi nthabwala zawo.

"A Chulu, dothi lagona bwanji lero?"

"Lagona bwino, zikomo pofunsa."

"Silinathawe? Muzilimanga chingwe, madala, lingakutayeni ntchito."

"Amenewa ndiye anapeza ntchito," wina ankatero. "Ife tikuthyoka msana, iwo akuweta nyongolotsi. Kodi zikaswa mumatigawirako?"

A Chulu ankamwetulira monga mmene munthu waulemu ayenera kuchitira, n'kukakhala pa benchi ya kukona. Madalaivalawo sadali oipa mtima. Adali anyamata ndi abambo amene adakhala zaka zambiri popanda ntchito mgodi usanatsegulidwe, ndipo nkhani zawo zidali za maulendo a matipa ndi za matayala. Za dothi zidali zongosekera, kenaka n'kuiwala. Anzawo akale a kuminda nawonso, akakumana nawo kumsika, ankawapatsa moni wa pakamwa chabe. Wina adafika powauza poyera kuti, "Inu ndiye munachita mwayi, achimwene. Ife anatilanda minda, inu anakulembani ntchito yolondera zolandidwazo." Choncho kwa a pamgodi a Chulu adali munthu wa kumunda, ndipo kwa a kumunda adali munthu wa pamgodi. Munthu mmodzi yekha ndiye ankakwera pamuluwo osaseka. Ameneyo adali mayi wa zachilengedwe, mtsikana wophunzira bwino ndi wofatsa, amene ankabwera mwa apo ndi apo kudzatenga dothi m'timapepala kuti akaliyeze.

Kumapeto kwa mwezi a Chulu ankakwera minibasi kupita m'tauni. Kumeneko ankagona pabalaza, pa matiresi amene ankayalidwa ana akamaliza kuonera kanema, pakuti akazi awo ankagona chipinda chimodzi ndi adzukulu. Adzukuluwo ankawatchula kuti agogo a kumgodi, powasiyanitsa ndi agogo enieni a m'nyumbamo. Mayi adali ataphunzira kusoka. Adagula makina a magetsi, nawaika pakhonde, ndipo ankasoka mayunifomu a ana a sukulu. Vuto lidali lakuti magetsi ankazimazima. Akazima, mayi ankakhala manja ali pamiyendo, nsalu ili pakati pa msoko, akuyang'ana babu. Mwana wawo wamkazi ankatseka saluni yake, makasitomala n'kupita tsitsi lili lonyowa. Mkamwini, amene adali ndi mapepala oyendetsera makina aakulu koma wopanda ntchito, ankatuluka kukayenda chabe kuti asamve madandaulo.

"Bambo, malasha anuwo amapita kuti?" mayi ankafunsa. "Mumakumba usana wonse, ife kuno tili mumdima. Kapena mumawalonderanso?"

"Amapita komweko kopangira magetsi, amayi. Koma akuti ndi osakwanira."

"Ndiye kumbani ambiri."

A Chulu akayamba kufotokoza kuti nkhanga zayamba kuikira mazira pamulu, ndi kuti dothi la cha kum'mawa ladzaza nyongolotsi, mayi ankavomereza ndi mutu, singano ili pakamwa.

Tsopano tinene za chikwangwani, pakuti pamenepa ndi pamene padagona nkhani. Patsinde pa muluwo, mbali ya kumsewu, padazikidwa chikwangwani chachikulu cha malata cholembedwa kuti ili ndi dothi lapamwamba, lachonde, ndipo galimoto zisapondepo. Eni mgodi adachiika pofuna kuchenjeza madalaivala. Koma anthu odutsa mumsewu nawonso ankadziwa kuwerenga. Ogulitsa maluwa ndi mbande za mitengo, ndi olima masamba m'mbali mwa nyumba, adayamba kuboola mpanda wa waya. Ankabwera ndi matumba ndi mawilibala. A Chulu akatseka bowo la kuno, mawa lake ankapeza lina uko, ndipo m'nthiti mwa mulu mudayamba kuoneka mabala. Tsiku lina adagwira bambo wina atadzaza wilibala, namufunsa ngati alibe manyazi.

"Manyazi a chiyani, madala?" adayankha wakubayo akupukuta thukuta. "Mwalemba nokha kuti ndi lachonde. Ife tinapita kusukulu kuti tiziwerenga zikwangwani. Mukanalemba kuti ndi la poizoni bwenzi ndili kwathu."

A Chulu adaganizira mawu amenewo kwa nthawi, ndipo adaona kuti wakubayo adanena zoona. Adatenga khasu, nazula chikwangwanicho, nachinyamula pamutu mpaka kuchipinda kwawo, kumene adachilowetsa kunsi kwa bedi. Pamabala paja adabzalapo udzu ndi minga. Pasanapite nyengo yaitali akuba adachepa, kenaka adalekeratu. Mitengo idakula, tchire lidatseka, ndipo odutsa mumsewu adayamba kuona kaphiri wamba ka thengo.

Mayi wa zachilengedwe adazindikira tsiku lomwelo limene adabwera.

"Bambo, chikwangwani chili kuti?"

Adamufotokozera za mawilibala. Iye adamvetsa, koma adati, "Ndi zoona, koma chibwezereni. Chikwangwanicho si cha inu ndi ine, amene tikudziwa. Ndi cha amene sakudziwa."

"Ndichibwezera, madamu."

Ankanena mochokera pansi pa mtima. Koma akagwada kuti achisolole kunsi kwa bedi, ankakumbukira mabala aja, n'kunena kuti mvula iyambe yatha. Mvula ikatha ankati udzu uyambe wauma. Mayi uja adachulukidwa ndi ntchito zina za madzi ndi fumbi, ndipo maulendo ake a kumulu adatalikirana.

Zaka zidapita. Kenaka kudamveka kuti kopangira magetsi akuwonjezera makina, ndipo akufuna malasha ochuluka kuposa kale. Mgodi uyenera kukula, ndipo anthu ena ambiri alembedwa ntchito. Pageti padayamba kudzaza anyamata ndi maenvelopu awo, ena ogona pomwepo. Ntchito yosenda nthaka yatsopano idapatsidwa kwa kampani ina ya zikatapila yochokera kutali, ndipo mwa amene kampaniyo idawalemba mudali mkamwini wa a Chulu. M'nyumba ya m'tauni mudali chisangalalo chimene sichidaonekemo kale.

Mayi wa zachilengedwe adakwera pamulu kudzawauza a Chulu kuti malasha atsopanowo akudutsa pansi pa mulu wawo. "Musade nkhawa," adatero. "Tidzausamutsa wonse, pang'onopang'ono, inu muli pomwepo mukuonerera. Koma si mwezi uno. Ayambira kutali, cha kumpoto. Ndipo ku ofesi akuti tchuthi chanu chaunjikana, mupite mukapume ntchitoyi isanayambe."

A Chulu sadafune kupita. Koma mkamwini ankasowa pogona, ndipo sikudali koyenera kuti apongozi ndi mkamwini apanikizane m'chipinda cha bedi limodzi. Adamusiyira makiyi, namusonyeza kumene kuli mpopi, nakwera minibasi. Adali ndi maganizo akuti akabwerako, chinthu choyamba chidzakhala kuzika chikwangwani.

Tiyenera kufotokoza kagwiridwe ka ntchito ka kampani yatsopanoyo, kamene kadalibe cholakwika chilichonse mwa iko kokha. Madalaivala ake ankapatsidwa malamulo awiri osavuta kukumbukira. Pamene pali chikwangwani cha dothi, dothi lonselo linyamulidwe mosamala kupita ku mulu watsopano. Pamene pali thengo, mitengo igwetsedwe, pamwamba pasendedwe kuya kwa mkono umodzi, zosendedwazo zipite ku mulu, ndipo zapansi zonse zipite ku dzala la miyala. Cha kumpoto kumene adayambira adapeza madzi ambiri pansi, makina n'kumatitimira. Kopangira magetsi ankaimba foni kawirikawiri. Kapitawo wa kampaniyo, pofuna kuti makina asakhale chabe, adazungulira ndi galimoto kufunafuna malo ouma m'kati mwa malire amene adapatsidwa. Adaona kaphiri ka mitengo ndi minga. Adakazungulira konse, ndipo sadaone chikwangwani.

M'tauni a Chulu adali atakhala masiku ochuluka kuposa amene adakhalapo kale. Adakonza chitseko cha bafa, adaperekeza adzukulu kusukulu, ndipo nthawi yotsala ankakhala pampando pafupi ndi makina a akazi awo, akuwapatsira sizasi. Lamulungu masana, banja lonse lili pakhonde, mkamwini adaimbira mkazi wake. Mkaziyo adakweza mawu a foni kuti ana amve bambo awo.

"Ntchito ikuyenda, wokondedwa!" adafuula mkamwini, makina akulira kumbuyo kwake. "Ngakhale lero tili pantchito. Bwana akuti ndili ndi dzanja. Tasalaza kaphiri kena kake ngati tikuseweretsa. Kofewa ngati buledi, kopanda ndi mwala womwe! Ana anga, mukanaona nkhanga mmene zimathawira!"

Ana adaseka. A Chulu adaika sizasi pansi.

"Mwanawe, tandipatsa foniyo." Adailandira ndi manja awiri. "Bambo, muli bwanji kumeneko? Pepani, ndingofunsa. Kaphiri kameneko kali mbali iti?"

"Tili bwino, bambo, kaya inu? Ndi komwe kaja kamaoneka pazenera la chipinda chanu, ka mitengo ya minga. Tsopano muziona patali, mpaka kumsewu."

A Chulu adabweza foniyo mwaulemu, nalowa m'nyumba kukatenga chikwama chawo. Mayi adaimitsa makina, nawatsatira mpaka pakhomo. Adangowakonza kolala ya malaya.

Adafika pamgodi dzuwa likadali m'mwamba. Kuchokera pamene minibasi idawatsitsa ankatha kuona mdadada wa nyumba za antchito, umene kale unkabisika. Mitengo idali itaunjikidwa pambali, mizu ili m'mwamba. Pamene padali mulu padali bwalo lalikulu lodzaza mapazi a matayala, ndipo kumadzulo kokha ndiko kudatsala kachigawo, kodulidwa ngati ndi mpeni. Mbali ya kum'mawa idalibe kanthu. Makina onse adali ataima, pakuti mayi wa zachilengedwe, atamva kwa woyendetsa thanki ya madzi, adathamangira komweko nawaimitsa. Madalaivala adakhala pamithunzi ya matipa awo, nkhope zili zolusa, chifukwa malipiro awo ankatsatira maulendo.

Mayiyo adawachingamira. Sadakweze mawu.

"Bambo, chikwangwani chija?"

"Chili kunsi kwa bedi, madamu."

Mayiyo adatseka maso kwa kanthawi. "Inenso ndinayenera kuonetsetsa kuti chazikidwa ndisanakutumizeni kutchuthi. Ndipo kapitawo anayenera kufunsa ku ofesi, mapu alipo. Tonse tili ndi mbali yathu."

Kapitawoyo, munthu wonenepa wa mawu osasa, adafika akupukusa manja. "Madala, ndinu amene munabzala nkhalangoyi? Ine ndakumba m'migodi yambiri, mulu wa dothi ndimaudziwa. Umakhala ndi chikwangwani, umakhala ndi kaudzu kometedwa. Uwu unali ndi zisa za mbalame! Ndikanalota?"

"Simukanalota, bwana," adayankha a Chulu.

"Ndiye lakuda, inde tinaliona kuti ndi lakuda. Koma pafupi ndi malasha chilichonse ndi chakuda. Ife timati tayandikira katundu."

A Chulu adapempha chilolezo chopita ku dzala la miyala, ndipo mayi wa zachilengedwe adawatenga pagalimoto yake. Dzalalo lidali chiphiri chotuwa, chotentha, chopanda ndi kaudzu komwe. Adaima m'mphepete nayang'ana pansi. M'chitsetse mudali mizere yakuda, ina yotakata, ina yopyapyala, ndipo pamwamba pa mizereyo matipa a m'dzenje lakale adali atakhuthulira kale miyala yawo ya tsiku ndi tsiku. A Chulu adafunsa ngati pali njira yosefera dothi lawolo. Mayiyo adati ayesa kupulumutsa la m'mphepete, koma lambiri lasakanikirana ndi miyala yowawa imene imapha mbewu. Adafunsanso kuti lotsalalo lingakwane minda ingati. Iye adati mwina gawo laling'ono la malo aja, akaliyala mopyapyala. Kenaka adawonjeza, posafuna kuwabisira kanthu, kuti popeza mgodi wakula, tsiku lobwezera latalikiranso ndi zaka zambiri.

Pobwerera adapeza mkamwini atanjuta panja pa chitseko, chisoti chili pabondo. Adali atatulutsa kale chikwama chake.

"Bambo, sindinadziwe. Ine ndimaganiza kuti mulu wanu ndi mulu, ngati wa mchenga wa omanga nyumba."

"Simunafikepo, bambo. Ndipo ine sindinakutengeni kukakusonyezani."

"Tsiku lachiwiri ndinamva fungo, ngati mvula ikangoyamba kumene. Ndinafuna kufunsa. Koma ndine watsopano, bambo, tili pa miyezi yoyesedwa. Ukafunsafunsa amati ndiwe waulesi." Adapukuta m'maso ndi nkhonya. "Akuti mawa kuli kufunsidwa ku ofesi. Akandichotsa, ana aja..."

"Sakuchotsani. Mwagwira ntchito imene anakutumani, ndipo akuti muli ndi dzanja. Za chikwangwani ndikanena ndine. Bwezerani chikwamacho m'nyumba. Ine ndiyala pansi."

"Iyayi, bambo, pansi ndigona ndine."

Ku ofesi nkhani sidatalike. Kampani ya zikatapila idalamulidwa kusamutsa chotsalacho mosamala, a Chulu adapatsidwa chenjezo, ndipo pofika masana makina adali akuliranso, pakuti kopangira magetsi sakadatha kudikira. Dothi lopulumuka, pamodzi ndi khungu lija lidasendedwa pamwamba, adaliunjika kuseri kwa nyumba yosungiramo mafuta. Udali mulu waung'ono, wamaliseche, umene munthu ankauzungulira asanamalize kuyankha moni.

A Chulu adazengereza kuimba foni mpaka mkamwini atapeza chipinda china. Tsiku limenelo, ataweruka, adakhala pampando wawo, navula majombo, naimbira akazi awo.

"Amayi, ndili ndi mawu. Munda uja palibe."

"Ndamva, bambo. Mwana anandiuza."

"Ndinakulonjezani kuti ndidzabwera kudzakutengani. Ndalephera. Pepani."

Mayi adayankha motsitsa mawu.

"Bambo, ndinene zoona? Mawondo angawa khasu sangalithenso. Ndi kale ndinadziwa kuti kumunda sindidzabwerera, ungatsike ungapande kutsika. Ndimangosowa pokuuzirani, chifukwa mukamanena za nyongolotsi zanu nkhope yanu imawala."

"Mukanandiuza, amayi."

"Mukanamva? Inu?" Adaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikudapite patali. "Tamverani. Chipinda chakumbuyo chija, chosungiramo makatoni, tachikonza. Mwana wapaka laimu. Bwerani tidzakhale ngati anthu okwatirana. Ndatopa kukuyalirani pabalaza ngati mlendo wodzagona maliro."

A Chulu adayang'ana pazenera. Kumene kudali mitengo tsopano kunkaoneka matipa akudutsana mumsewu, ndi fumbi lawo.

"Pali lotsala pang'ono, amayi. Lili pamtetete, ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Mvula ikalipeza losafunda, lonse lithera mumtsinje. Anyamatawa sadziwa kufesa udzu."

"Lotsalalo ndi la m'munda mwathu?"

"Sindikudziwa. Lathu linali kum'mawa. Ili mwina ndi la anzathu aja, mwina ndi losakanikirana."

"Ndiye mukulondera munda wa eni ake, amene sakupatsani ndi moni womwe."

"Ndi dothi ndithu, amayi."

"Nanga mubwera liti?"

"Udzu ukagwira."

"Udzu ukagwira mudzati mitengo. Ndimakudziwani." Adapuma mozama. "Chabwino. Chipindacho ndikusungirani mpaka mvula ithe. Ikatha musanabwere, ndiikamo wa lendi, ndipo musadzati sindinanene."

A Chulu adati amva.

Pamene tikulemba izi mvula ili pakati. Udzu wamera mbali zitatu za mulu watsopano, koma mbali yoyang'ana ku nyumba ya mafuta ikukanabe, ndipo a Chulu afesapo kachiwiri. Titawafunsa ngati ayamba kulongedza katundu wawo, adatiyankha mwaulemu kuti katundu wawo si wambiri, sangawatengere nthawi.